Matebulo a kanthawi ndi seva ya standby: mafunso ndi mayankho

Tsamba lino ndi la anzathu ochokera kumudzi amene akusamalira ma database kuno ku Joni, kaya m'maofesi akuluakulu a ku Sandton ndi Rosebank, kaya m'timakampani ta ku Braamfontein, kaya ndinu wongoyamba kumene amene mwapatsidwa password ya seva n'kuuzidwa kuti musaononge kanthu. Mafunsowa amabwera nthawi imodzimodzi: abwana alamula kuti malipoti olemera achoke pa primary (seva yaikulu imene imalembedwa) apite pa standby (kope lake longowerengedwa), ndiye script yopanga matebulo a kanthawi imene yakhala ikugwira ntchito zaka zambiri yakana. Zambiri pano zikunena za PostgreSQL, poti ndi kumene vutoli limaluma kwambiri. MySQL, SQL Server ndi Oracle tazikhudza chakumapeto.

Ndalemba CREATE TEMP TABLE pa standby, ndipo yayankha kuti "cannot execute CREATE TABLE in a read-only transaction". Kodi ndi nkhani ya ma permission?

Ayi, musavutike ndi GRANT. Ngakhale mulowe ngati superuser yankho likhala lomwelo, ndi nambala yake ya SQLSTATE 25006. Mukayesa kuikakamiza ndi `SET transaction_read_only = off`, ikuuzani kuti "cannot set transaction read-write mode during recovery". Njira zina zozembera nazonso n'zotsekedwa: CREATE TEMP TABLE AS, SELECT INTO TEMP, view ya kanthawi, sequence ya kanthawi, function yoikidwa mu `pg_temp`, zonsezi zimakanidwa.

Standby yowerengeka pamodzi ndi streaming replication (kutumiza zosintha za primary ku standby mosalekeza) zinabwera mu PostgreSQL 9.0 m'chaka cha 2010, ndipo lamuloli lilipo chiyambire nthawi imeneyo. Ngati simukudziwa seva imene mwafikapo, funsani `SELECT pg_is_in_recovery();`. Ikayankha `t`, muli pa standby.

Koma tebulo la kanthawi ndi langa ndekha, palibe wina aliona. Likulakwira ndani?

Funso limeneli ndiye mutu wa nkhani yonse, choncho tikhalapo pang'ono.

Ambiri a ife tinaimapo pa geti la complex ku Randburg kapena ku Midrand, mlonda n'kutipatsa buku kuti tilembe dzina, nthawi ndi nyumba imene tikupita. Za m'chikwama chanu sizilembedwa, koma dzina lanu limalowa m'buku ngakhale mwangobwera kwa mphindi zisanu. Tebulo la kanthawi limalowa chimodzimodzi. Mizere ya m'kati mwake ndi yanu nokha, koma kuti PostgreSQL ilidziwe konse, iyenera kulilemba m'kaundula wake: mzere mu `pg_class`, mizere mu `pg_attribute` ya kolamu iliyonse, ina mu `pg_type` ndi mu `pg_depend`. Kaundulayu ndi matebulo enieni okhala pa disiki monga ena onse.

Tsono standby ya mtundu wa physical si database ina yofanana ndi primary. Ndi kope la mafayilo omwewo, tsamba ndi tsamba, ndipo tsamba lililonse ndi la 8 kB. Primary ikasintha kanthu imalemba mu WAL, buku lake la zosintha, kuti "pa tsamba lakutilakuti la fayilo yakutiyakuti, pa malo akutiakuti, ikani mzere uwu", standby n'kuchita zomwezo osafunsa. Mukanaloledwa kuika mzere wanu mu `pg_class` ya pa standby, mphindi yotsatira WAL ikanabwera ikufuna malo omwewo, ndipo kope likanaonongeka.

Pali chifukwa chachiwiri chimene anthu sachitchula kawirikawiri. Mzere uliwonse mu PostgreSQL, ngakhale wa m'tebulo la kanthawi, umadindidwa nambala ya transaction imene yaulemba, ndi imene mumaiona mu kolamu yobisika ya `xmin`. Nambala zimenezi imagawa ndi primary yokha. Standby ikadzipatsa nambala, ingathe kutenga imene primary yapereka kale kwa wina. Choncho ngakhale nkhani ya kaundula itakonzedwa mawa, pakadatsalabe funso la chidindo chimenechi.

Apa ndi pamene ena amasokonezeka, chifukwa pa primary transaction ya READ ONLY imaloledwa kuchita INSERT ndi UPDATE m'tebulo la kanthawi limene linalipo kale mu session. N'zoona. Koma kumeneko nambala zilipo, ndipo tebulo linapangidwa transaction isanayambe. Pa standby zonse ziwirizi palibe.

Nanga matebulo a kanthawi amene pulogalamu ikupanga pa primary, amafika ku standby?

Dzina limafika, za m'kati sizifika.

Mizere ya m'tebulo la kanthawi silembedwa mu WAL. Imakhala mu memory ya session yomweyo, imene kukula kwake kumachokera ku `temp_buffers`, 8MB ngati simunasinthe, ndipo ikasefukira imapita ku fayilo ya pa disiki ya primary. Mafayilowa mungawazindikire ndi maina awo: amayamba ndi `t`, monga `t3_16384`. Kuyambira PostgreSQL 11, `pg_basebackup` imawadumpha pokopera.

Za m'kaundula zokha ndi zimene zimayenda. Tsegulani session pa primary, pangani tebulo la kanthawi, musatseke, kenako pitani pa standby mulembe:

`SELECT relname, relnamespace::regnamespace FROM pg_class WHERE relpersistence = 't';`

Muliona lili pompo, mu schema ya dzina ngati `pg_temp_3`. Mukayesa kuliwerenga, seva ikukanizani. Uthenga umene mumaulandira pa matebulo osalembedwa mu WAL ndi wakuti "cannot access temporary or unlogged relations during recovery".

Ngati za m'kati siziyenda, n'chifukwa chiyani anthu amati matebulo a kanthawi akuvutitsa standby yathu?

Chifukwa kulemba m'kaundula si kochepa monga timaganizira. Tiwerengere limodzi. Tebulo la makolamu 20 limaika mizere 26 mu `pg_attribute`, poti pali makolamu 6 obisika amene tebulo lililonse limakhala nawo kuyambira PostgreSQL 12. Likakhala ndi kolamu ya `text`, limabwera ndi tebulo la TOAST (losungira mawu aatali) ndi index yake, nazonso n'kulembedwa. Mukaonjeza index yanu, mizere ina. Session ikatha, yonseyo imafufutidwa, n'kusanduka mizere yakufa yodikira autovacuum, imene imasesa mizere yotere. Tsopano tinene kuti pulogalamu yanu imapanga tebulo lotere pa request iliyonse, ka 100,000 pa tsiku. Imeneyo ndi mizere yakufa 2.6 miliyoni mu `pg_attribute` mokha, tsiku ndi tsiku. Kulemba kwake, kufufuta kwake ndi kusesa kwake, zonse zimadutsa mu WAL kupita ku standby.

Kuchuluka kwa WAL ndi vuto laling'ono. Lalikulu ndi kusesa. Autovacuum ikachotsa mizere yakufa m'kaundula pa primary, standby iyenera kuichotsanso. Ngati pa standby pali lipoti limene linayamba mizereyo isanafe, PostgreSQL imaona kuti lipotilo likhoza kuifuna. Imadikira mpaka `max_standby_streaming_delay`, masekondi 30 ngati simunasinthe, kenako imalipha:

"canceling statement due to conflict with recovery", ndi kufotokoza kwakuti "User query might have needed to see row versions that must be removed."

Chowawa n'chakuti lipotilo silinakhudze tebulo la kanthawi la munthu aliyense. Mkangano wotere suyang'ana tebulo limene mukuwerenga, umayang'ana msinkhu wa snapshot yanu (chithunzi cha deta chimene query yanu ikuona) mu database imeneyo. Mchemwali wa ku accounts akuyendetsa lipoti la kumapeto kwa mwezi lowerenga ma invoice okha, koma likufa chifukwa cha pulogalamu ina imene sanaimvepo. Ndipo masekondi 30 aja si gawo la query iliyonse payokha: ndi malire a mmene WAL yofika ingachedwere. Ngati query ina yadya kale nthawiyo, yanu ikhoza kuphedwa itangoyamba.

Pa standby, `pg_stat_database_conflicts` imawerenga zonsezi. Kolamu ya `confl_snapshot` ikamakwera, yang'anani pa primary kuti `pg_attribute` yakula bwanji. Database ya matebulo mazana ochepa imene `pg_attribute` yake yafika ma gigabyte, musafunsenso kwina.

Palinso maloko. Kupanga ndi kugwetsa tebulo kumatenga loko ya ACCESS EXCLUSIVE, ndipo function imene imapanga matebulo mazanamazana mu transaction imodzi imathera pa "out of shared memory" ndi langizo lokweza `max_locks_per_transaction`, imene imayambira pa 64. Mukamakweza, yambani ndi standby. Nambala yake siyenera kuchepera ya primary, apo ayi standby imaima.

Ndiye tingoyatsa hot_standby_feedback basi?

Imathandiza, koma dziwani chimene mukugula. Ikayaka, standby imauza primary kuti isasese mizere imene malipoti akuifunabe. Malipoti amasiya kufa ndi mkangano wa snapshot. Koma lipoti la maola atatu likutanthauza maola atatu opanda kusesa pa primary, m'matebulo anu otanganidwa ndi m'kaundula momwe. Pamene pulogalamu ikupanga matebulo a kanthawi mosalekeza, `pg_attribute` imatupa msanga kuposa kale, ndipo kuibweza kumafuna VACUUM FULL, imene imatseka kaundulayo aliyense n'kuima.

Ine ndimati konzani kaye gwero. Pulogalamu isamapange tebulo pa request iliyonse. Ipange kamodzi pa session ndi `CREATE TEMP TABLE IF NOT EXISTS ... ON COMMIT DELETE ROWS`, n'kumaligwiritsa ntchito mobwereza. Tebulo limakhalapo, mizere imachoka pa commit iliyonse, ndipo m'kaundula mumalembedwa zochepa zedi. Mukatero ndi pamene mungaone ngati feedback ikufunikabe.

Kumbukiraninso kuti autovacuum siitha kulowa m'tebulo la kanthawi la session ina. ANALYZE muzichita nokha mukadzaza tebulo, apo ayi planner, imene imasankha njira yoyendetsera query, ingolota. Ndipo session imene yakhala miyezi osatsekedwa, ili ndi tebulo la kanthawi lakalekale, imakoka msinkhu wa database yonse kulowera ku wraparound, pamene nambala za transaction zimafika pamapeto n'kuyambiranso.

Standby yathu ya synchronous ili ku Cape Town. Kodi matebulo a kanthawi amadikira nawo?

Pa synchronous, primary imadikira yankho la standby isanamalize commit, koma zimatengera transaction yalemba chiyani. Imene yangochita INSERT m'tebulo la kanthawi lomwe linalipo kale siidikira standby pa commit, chifukwa palibe chofunika kuteteza. Imene ili ndi CREATE TEMP TABLE yalemba m'kaundula, choncho imadikira monga ina iliyonse.

Kuchoka Johannesburg kukafika Cape Town ndi makilomita pafupifupi 1,400 pa msewu, ndipo kuwala mu fibre kumayenda makilomita pafupifupi 200 pa millisecond. Kupita ndi kubwera ndi ma millisecond 14 musanawerengere zida za panjira. Pa lipoti limodzi si kanthu. Pa pulogalamu imene imapanga tebulo pa request iliyonse, mukulipira ulendo umenewo kuteteza dzina la chinthu chimene chifa posachedwa. Ngati transaction yotere siikhudza deta yeniyeni, `SET LOCAL synchronous_commit = local` imachotsa kudikirako. Ngati ikukhudzanso ndalama za anthu, musaigwire.

Amene muli pa cloud musaganize kuti mwapulumuka. Azure inatsegula region ya Johannesburg mu 2019, AWS ya Cape Town mu 2020, Google Cloud ya Johannesburg mu 2024, ndipo read replica ya PostgreSQL wamba m'malo amenewa ndi standby yomweyi ya WAL, ndi malamulo ake omwewa.

Lipoti langa lili ndi masitepe asanu, sitepe iliyonse ndi tebulo lake la kanthawi. Ndililembe bwanji kuti liyende pa standby?

Nthawi zambiri WITH imakwanira. Sitepe iliyonse ikhale CTE (query yaing'ono yopatsidwa dzina mu WITH), yotsatira iwerenge yapitayo. PostgreSQL 12 isanabwere mu 2019, CTE iliyonse inkawerengedwa payokha n'kusungidwa. Kuyambira 12, imene yatchulidwa kamodzi kokha imasakanizidwa ndi query yaikulu, pokhapokha mutalemba AS MATERIALIZED. Mawu amenewa ndi amene amayandikira kwambiri khalidwe la tebulo la kanthawi: zotsatira zimawerengedwa kamodzi, n'kusungidwa mu memory, n'kusefukira pa disiki zikachuluka.

Chimene mumataya ndi ziwiri. CTE ilibe index, ndipo simungaichite ANALYZE. Anthu ambiri amene anagawa lipoti m'matebulo a kanthawi anatero chifukwa planner inkalakwitsa kuchuluka kwa mizere pakati pa ulendo, ndipo ANALYZE inkaiongola. Mukabwezera zonse mu query imodzi, vuto lakale lija likhoza kudzuka. Yesani ndi EXPLAIN ANALYZE pa standby pomwepo, imaloledwa pa SELECT.

Ngati tebulo la kanthawi linali longonyamulira mndandanda wa ma ID ochokera ku pulogalamu, silinkafunika n'komwe. Tumizani array ndi `WHERE id = ANY($1)`, kapena `unnest` ngati mukufuna kuchita join. Timizere tochepa tingalowe mu VALUES. Function ya PL/pgSQL yogwiritsa ntchito RETURN QUERY imayenda pa standby bola isalembe kanthu, ndipo ma cursor nawonso amaloledwa.

Ngati masitepe ali ma query osiyana amene ayenera kuona deta ya nthawi imodzi, akulungeni mu transaction ya REPEATABLE READ. SERIALIZABLE pa standby siiloledwa.

Njira ina imene anthu amainyoza koma ndi yabwino: ntchito yolemera ichitike pa primary usiku, zotsatira zilowe m'tebulo wamba kapena mu materialized view, WAL izitengere ku standby, m'mawa anthu aziwerenga kumeneko ndi ma index ake. Malipoti ambiri amene timauzidwa kuti ndi a "nthawi yomweyo" amawerengedwa kamodzi pa tsiku, munthu akumwa tiyi.

Mwati CTE imasefukira pa disiki. Nanga si mwati standby siilemba?

Siilemba m'mafayilo a database. Mafayilo a kanthawi a query ndi chinthu china: sort kapena hash ikapyola `work_mem`, 4MB poyambira, PostgreSQL imalemba mu `pgsql_tmp`, ndipo zimenezi sizilowa m'kaundula, sizifuna nambala ya transaction, sizidziwika kwa primary. Standby imachita zimenezi momasuka, mpaka ikhoza kudzaza disiki yake. Ikani `temp_file_limit` kwa ogwiritsa ntchito malipoti ndipo yatsani `log_temp_files` kuti muone query imene ikudya malo. Pa primary dziwani kuti malire amenewa sawerengera matebulo a kanthawi opangidwa ndi CREATE.

Wina wandiuza kuti ndigwiritse ntchito UNLOGGED TABLE m'malo mwake.

Pa standby sizikuthandizani. Matebulo a unlogged anabwera mu 9.1 m'chaka cha 2011. Amapangidwa pa primary, amaoneka kwa ma session onse, koma mizere yake siilowa mu WAL, choncho standby ili ndi dzina lokha. Kuwerenga kumakanidwa, kulemba kumakanidwa, ndipo standby ikakwezedwa kukhala primary tebulolo limadzuka lopanda kanthu.

Chenjezo kwa amene seva yanu ili pansi pa desiki m'ofesi, osati mu data centre ya ku Isando: magetsi akathima, batire la UPS n'kutha jenereta isanalire, PostgreSQL ikadzukanso imakhuthula tebulo lililonse la unlogged. Limasunga mizere pokhapokha seva itazimitsidwa mwadongosolo. ALTER TABLE ... SET LOGGED ilipo kuyambira 9.5, koma imalemba tebulo lonse mu WAL nthawi imodzi, ndiye musaichite masana pa tebulo lalikulu.

Anthu athu a malipoti sangalembenso ma script awo, ndi ambiri. Palibe njira yowapatsa seva yowerengera imene imalola matebulo a kanthawi?

Zilipo ziwiri.

Yoyamba ndi logical replication, imene inabwera mu PostgreSQL 10 m'chaka cha 2017. Apa seva yolandira ndi database yodziimira payokha, ili ndi kaundula wake ndi nambala zake za transaction. Imalandira kusintha kwa mizere, osati masamba a disiki. Choncho matebulo a kanthawi, ma index oonjezera a malipoti okha, materialized view, zonse zimatheka. Mkangano wa recovery uja kulibe. Mtengo wake nawu: kusintha kwa kamangidwe ka tebulo sikuyenda, mukaonjeza kolamu pa primary muyenera kuionjeza nokha kwinako, ndipo ndi bwino kuyamba ndi kolandirako. Tebulo lochitidwa UPDATE kapena DELETE limafuna primary key kapena replica identity ina. Matebulo a kanthawi ndi a unlogged a pa primary sangalowe mu publication, mndandanda wa matebulo otumizidwa. Ndipo seva yolandira ikazima, slot yake (chizindikiro cha pamene yalekezera kulandira) imagwira WAL pa primary mpaka disiki kudzaza, pokhapokha mutaika `max_slot_wal_keep_size`, imene inabwera mu 13. Kuyambira 16 mukhoza kukoka logical replication kuchokera pa standby m'malo mwa primary, ndipo 17 inabweretsa `pg_createsubscriber`, imene imasandutsa standby ya physical kukhala yolandira ya logical popanda kukoperanso deta yonse.

Yachiwiri ndi yotsika mtengo: kaseva kakang'ono ka PostgreSQL kolembeka, kolumikizidwa ku standby ndi `postgres_fdw`. Mukachita IMPORT FOREIGN SCHEMA, matebulo a pa standby amaoneka ngati ali pomwepo, ndipo CREATE TEMP TABLE AS SELECT imagwira chifukwa tebulo likupangidwa pa kaseva kanuko. Zimayenda bwino pamene sitepe yoyamba ikusefa deta n'kutsala yochepa. Ngati ikukoka mizere mamiliyoni kudzera pa network, mudzatopa. Ma query opita ku standby angathebe kuphedwa ndi mkangano uja.

Maganizo anga ndi akuti seva imodzi isasenze ntchito ziwiri. Standby ya physical ikhale ya tsiku la tsoka, yosachedwa, yosasokonezedwa. Malipoti olemera akhale ndi yawo. Pamene ndalama sizilola, sankhani poyera chimene chili chofunika kwambiri ndipo abwana adziwe, chifukwa `max_standby_streaming_delay = -1` imapulumutsa malipoti koma imalola standby kutsalira kumbuyo mopanda malire.

Pa failover, pamene primary yafa ndipo standby yatenga malo ake, chimachitika n'chiyani?

Ma session a pa primary yakale amafa, ndipo matebulo awo a kanthawi amafa nawo. Kaya mukugwiritsa ntchito Patroni, repmgr kapena `pg_promote()` pamanja, palibe chimene chingawabweze, poti mizere yake siinachokepo pa seva ija. Ntchito ya usiku imene inali pa sitepe yachinayi iyenera kuyambira pa yoyamba. Funso lofunika kudzifunsa lero ndi lakuti: ikayambiranso, kodi masitepe amene analemba kale m'matebulo enieni adzalemba kawiri? Pa ntchito ya malipiro a antchito, yankho lake muyenera kulidziwa musanagone.

Pa primary yatsopano mumatsala maina amasiye mu `pg_class`, a matebulo amene eni ake kulibe. Autovacuum imawachotsa, ndipo session yatsopano ikatenga schema ya `pg_temp` yomweyo n'kufuna tebulo la kanthawi, imayamba yasesa za mnzake. Musawafufute pamanja m'kaundula.

Ma session amene anali pa standby sadulidwa ikamakwezedwa. Transaction yatsopano mu session yomweyo ikhoza kulemba.

Tili ndi PgBouncer kapena Pgpool-II pakati pa pulogalamu ndi seva. Zikusintha kanthu?

Zikusintha, ndipo apa ndi pamene pamachokera zodabwitsa za "dzulo zimagwira". PgBouncer ikakhala pa transaction pooling, transaction yanu yotsatira ikhoza kupita ku connection ina ya seva. Tebulo munapanga lija "kulibe", kapena choipa kwambiri, munthu wina alipeza ndi deta yanu. Mu mode imeneyi tebulo la kanthawi likhale la ON COMMIT DROP, lobadwa ndi kufa mu transaction imodzi. Pa session pooling, DISCARD ALL imasesa connection isanapite kwa wina.

Pgpool-II imagawa ma SELECT pakati pa primary ndi standby, ndipo ili ndi `check_temp_table` yozindikira tebulo la kanthawi kuti query yake ipite ku primary. Koma ikaona `SELECT lipoti_la_mwezi();` iyenera kudziwa ngati function imeneyo imalemba m'kati mwake. Ikaiyesa yowerenga chabe n'kuitumiza ku standby, mulandira 25006 mwa apo ndi apo, malingana ndi kumene yagwera.

Pulogalamu yolumikiza mwachindunji ndi libpq ingatchule ma seva angapo n'kuonjeza `target_session_attrs=read-write` kuti izifika pa yolembeka nthawi zonse. Mu PostgreSQL 14 anaonjezamo `primary`, `standby` ndi `prefer-standby`.

Kuntchito yanga yakale tinkachita zimenezi pa standby popanda vuto. Bwanji kuno?

Mwina simunali pa PostgreSQL. Mabanki ndi makampani a inshuwalansi ambiri kuno ali pa Oracle ndi SQL Server, ndipo kumeneko kamangidwe n'kosiyana.

Mu SQL Server, matebulo a `#` amakhala mu `tempdb`, database imene seva iliyonse ili ndi yakeyake ndipo siikoperedwa. Choncho pa secondary yowerengeka ya Always On, imene inabwera mu SQL Server 2012, mumapanga tebulo la kanthawi momasuka. Mu Oracle, global temporary table imapangidwa kamodzi pa primary, dzina lake n'kukhalitsa, session iliyonse n'kumaona mizere yake yokha. Kuyambira 12c, undo ya matebulo amenewa ikhoza kukhala mu temp tablespace, ndipo n'chifukwa chake Active Data Guard imalola kulembamo pa standby. PostgreSQL imavomera mawu akuti GLOBAL TEMPORARY koma sachita kanthu, imangokuchenjezani kuti ndi achikale n'kupanga tebulo la kanthawi wamba. Amene mukusamutsa code kuchoka ku Oracle, apa samalani.

MySQL ndi nkhani ina. Replica yake ndi seva yodziimira payokha, ndipo `read_only` imalola matebulo a TEMPORARY. Vuto lake linali mbali inayo. Pa statement-based replication, matebulo a kanthawi a pa source amapangidwanso pa replica, ndipo replica ikazimitsidwa ali otsegula amatayika, malamulo otsatira n'kulephera. N'chifukwa chake akale amaimitsa SQL thread, n'kuona kuti `Slave_open_temp_tables`, imene tsopano imatchedwa `Replica_open_temp_tables`, ili pa 0 asanazimitse. Pa row-based, imene ndi yoyambira kuchokera mu 5.7.7, matebulo a kanthawi salowa mu binlog (buku la zosintha la MySQL), ndipo nkhawa imeneyo imatha.

Tisanasamutse malipoti, tingadziwe bwanji amene adzakane?

Yambani ndi kufufuza. Mu code ya pulogalamu sakani mawu akuti `temp`, ndipo mu database momwe funsani `SELECT proname FROM pg_proc WHERE prosrc ILIKE '%temp%';`. Mupeza zambiri zosafunika, monga `template` ndi `attempt`, koma zofunikazo zili momwemo. Zida za malipoti zina zimapanga matebulo a kanthawi mwa izo zokha osakuuzani, ndipo zimenezi sizioneka mu code yanu. Kuti muzigwire, ikani `log_statement = 'ddl'` pa role ya malipoti kwa sabata imodzi yokhala ndi kumapeto kwa mwezi m'kati. CREATE yochitika m'kati mwa function siioneka mu log imeneyi, n'chifukwa chake kusaka mu `pg_proc` kuja kumafunikabe.

Kenako yesani pa seva yoyeserera ndi `ALTER ROLE malipoti SET default_transaction_read_only = on;`. Role imeneyo ikalowanso, CREATE iliyonse ikanidwa ndi uthenga womwe uja wa pa standby. Si mayeso okwana, chifukwa pulogalamu imene imalemba yokha BEGIN READ WRITE idutsa, ndipo mkangano wa recovery suoneka pamenepo. Za mkanganowo muyenera kuyendetsa lipoti lanu lalitali kwambiri pa standby yeniyeni, nthawi imene primary yatanganidwa, n'kuyang'ana `pg_stat_database_conflicts` lisanayambe ndi litatha.